Tambala wa Shuga Wopsereza

Ku Mlare, m'boma la Karonga, munthu akafuna keke ya ukwati sankafunsa kawiri. Ankangomulozera kwa Keziya Nyamsowoya, mkazi wa a Yotamu Kondowe, mmisiri wokhoma ndowa ndi zitini kuseri kwa msika. Musaganize kuti mayiyu anali ndi uvuni ngati wa kunyumba za azungu, ayi ndithu. Chake chinali chimgolo chodula pakati, mchenga pansi, lata pamwamba, makala kunsi ndi kumwamba. Koma keke yotuluka m'menemo, abale inu, ngakhale nkhalamba ya mano awiri inkatambasulanso dzanja. Luso limeneli analitola ku Umanyano, gulu la amayi a kumpingo, ndipo pofika chaka cha 1976 anali ataphikira maukwati a ana a eni ake ochuluka moti anasiya kuwerenga.

Chaka chimenecho inafika nthawi ya mwana wake. Yunike, mwana yekhayo amene anakula mwa asanu amene Nyamsowoya anabereka, ankakwatiwa ndi Ralph Chikakuda, mphunzitsi wa ku Dedza amene boma linamutumiza kudzaphunzitsa kuno. Mnyamatayo anali waulemu, wogwada popereka moni, ndipo ankalimbana ndi Chitumbuka mpaka ana a sukulu kumuseka. Chimene chinkamuwawa mtima Nyamsowoya n'chakuti ku Dedza n'kutali, ulendo wa masiku atatu, ndiye a kuchimuna otha kubwera anali awiri okha, malume wake wa Ralph ndi mlongo wake. Mwana wa eni ake akwatira ngati wamasiye, pakati pa anthu a chinenero china ndi miyambo ina. Ankafuna kuti pa tsikulo pakhale kanthu kamodzi kokha kakwawo, koti mkamwini akakaona adziwe kuti walandiridwa.

Nzeru inabwera ndi Bessie, namwino wa ku Ntcheu, amene ankakonda kudzakhala pakhonde akaweruka kudikira kuti masikono apse. Iye ndiye anafotokoza kuti kwawoko pa chinkhoswe a kuchimuna amabwera ndi tambala, a kuchikazi ndi msoti, kenako ankhoswe n'kusinthana, ndipo zikatero mabanja awiri aja agwirana chanza. Nyamsowoya anangomva kamodzi. Tsiku lomwelo anauza amuna ake kuti akufuna zikombole ziwiri za malata, china tambala, china msoti.

A Yotamu anang'ung'udza masiku awiri, kuti iwo amakhoma ndowa osati nkhuku, ndiponso kuti mkazi akayamba imvi nzeru zimabwerera ku ubwana. Tsiku lachitatu anawapeza atamangirira tambala wa pakhomo ku mwendo wa benchi, akumuyang'anitsitsa n'kumakanda pa lata ndi msomali. Ndi mmene analili bamboyo, pakamwa akukana manja ali kale pa ntchito. Zikombole zinatuluka zoti munthu n'kuseka yekha, tsumba lilipo, mchira wopindika ulipo.

Sabata ya ukwati pakhomo panalibe popondera. Amayi a Umanyano ankabwera masana ndi ulusi wawo, kuluka tinsalu ta patebulo n'kumamuseka Yunike kuti wapeza mwamuna wosadziwa kukama ng'ombe. Ena ankapeta mpunga, ena ankasita. Nyamsowoya yekha sankalola munthu kuyandikira mgolo wake. Lachinayi anasefa fulawa kawiri, n'kuswa mazira, n'kupukutsa majalini ndi shuga mpaka phewa kuwawa, n'kuthiramo soda ndi makoko a mandimu. Anakhala tsonga pambali pa moto, kuchotsa khala limodzi apa, kuwonjezera lina apo, n'kumabaya keke ndi kaudzu kuona ngati mkati mwapsa. Msoti woyamba unathyoka mchira pochotsa m'chikombole. Ana a oyandikana nawo anadya bwino tsiku limenelo, iye n'kuyambiranso.

Lachisanu linali tsiku lokongoletsa. Shuga anasinja mu mtondo mpaka kukhala ngati ufa, n'kumusefa pa kansalu, n'kusakaniza ndi choyera cha dzira. Limenelo linali diresi la msoti, loyera mbee ngati la mkwatibwi. Tambala naye anayenera kuvala ngati mkwati, ndipo suti ya Ralph inali yakuda. Ndiye anapsereza shuga m'chiwaya mpaka kuda bii, n'kuthiramo koko pang'ono, n'kumupaka thupi lonse mpaka kunyezimira.

Apa tiime kaye. Masiku amenewo dziko linali ndi chipani chimodzi, ndipo chizindikiro chake chinali tambala wakuda. Anali pa nsalu za amayi ovina, pa mabaji, pa khadi lija limene popanda ilo sunkalowa mumsika kapena kukwera basi. Musati Nyamsowoya sanaone kufananako. A Yotamu ndi amene anamuuza kuti mbalameyi yatenga nkhope ya pa khadi, iye n'kuyankha kuti ndi bwino kumene, a tcheyamani a chipani akondwera. Anaseka onse awiri. Anthu akuluakulu, a imvi zawo, koma panalibe mmodzi wokumbukira kuti keke amaphikira mpeni.

Kenako mawu. Pa keke iliyonse ya ukwati Nyamsowoya ankalembapo mawu omwewo a Chitumbuka, amene abusa amanena podalitsa banja: TEMWANANI, kutanthauza kuti kondanani. Ulendo uno anaganiza zodabwitsa anthu. Anapinda pepala ngati kanyanga, n'kuthiramo shuga woyera uja, n'kulemba pa thupi la tambala zilembo zisanu, TEMWA. Zinayi zotsalazo, NANI, anazilemba ndi shuga wakuda pa msoti. Mbalame ziwirizo zikayang'anizana milomo mawu ankakwanira, zikasiyana ankaduka. A Yotamu ndi amene ankamugwirira thireyi, ndipo atawafotokozera anapukusa mutu n'kunena kuti mkazi wawoyu akanapita patali ndi sukulu bwenzi dziko likumva. Nyamsowoya ananyadira, sanabise.

Loweruka, pochokera ku tchalitchi, anthu anadzaza m'chisakasa cha masamba a nthochi pabwalo pa a Kondowe. Ng'ombe inali itagwa dzulo lake, mpunga uli pamoto. Makeke analowa ndi nthungululu n'kukaikidwa patebulo moyang'anizana, monga mwini wake anafunira. Koma tebulo linali limodzi ndipo mphatso zinachuluka, mphasa, miphika, mbale, tinsalu toluka tija. A Hudson, tcheyamani wa chipani wa deralo, atabwera ndi wailesi, mayi wina wothandiza anasowa poiika. Anakankhira msoti kuseri kwa mulu wa mphatso n'kuufunditsa kansalu kuopa ntchentche. Nyamsowoya anali kumiphika akugawa nyama, sanaone. Kutsogolo kunatsala tambala yekha, wakuda bii, ndi mpeni womangidwa riboni pambali pake.

Pakati pa alendo panali a Alfred Kamphinda, amene anabwera pa Landirova kuchokera ku Boma ndi anzawo awiri. Anawaitana ndi malume wa Ralph, poti kwawo n'kumodzi, kuti benchi la a kuchimuna lisachite manyazi. Ntchito ya bamboyu aliyense ankaidziwa, koma panalibe woitchula. Amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ka ameneyu kanali kakuthwadi.

Itakwana nthawi, Ralph ndi Yunike anagwira mpeni pamodzi, amayi n'kuyamba nyimbo. A Kamphinda anaimirira n'kukweza dzanja. Sanafuule. Anayenda pang'onopang'ono kufika patebulo, n'kuwerama, n'kuwerenga mokweza ngati mwana wa sitandade wani.

"Te-mwa. Tambala wakuda, alembapo kuti temwa, mpeni uli m'manja. Ndani walamula kuti tambala atemwe?"

Nyamsowoya, amene anali atangofika kudzaonerera, anaseka. Inde, anaseka ndithu, poganiza kuti ndi nthabwala za anthu a kwa mkamwini. Kenako anaona nkhope za anthu, n'kusiya kuseka. Kuti m'Chichewa kutemwa n'kwa nkhwangwa ndi chikwanje ankadziwa, koma kuyambira ali mwana mawuwo m'khutu mwake anali a chikondi basi. Anagwada n'kuyamba kufotokoza m'Chichewa chake chopindika, kuti kuno kutemwa n'kukonda, kuti mawuwo ndi oduka, mbali ina ili pa msoti. Anafuna kudzuka kuti akautenge, koma mmodzi mwa anzawo a Kamphinda anamutsekera njira n'kunena kuti patebulo pasafike dzanja la munthu.

A Kamphinda sanamuyang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa a Hudson n'kuwafunsa, monga mwini dera ndi mwini chinenero, ngati mayiyu akunena zoona.

Tamvani tsono. Mwana woyamba wa a Hudson dzina lake anali Temwa, ndipo anali chiimire pomwepo pakati pa operekeza mkwatibwi, maluwa ali m'manja. Bamboyo anakonza baji ya pa jekete.

"Bwana, ine ndimayankhula Chichewa, chinenero cha dziko lathu. Zinazi ndinaiwala."

M'chisakasamo munali anthu oposa mazana awiri, ndipo kupatula alendo ochepa, aliyense mawuwo anayamwira m'bere. Abusa ankayang'ana nsapato zawo. Ralph, amene Yunike anamuphunzitsa mawu amenewa asanamuphunzitse ngakhale moni, anatsegula pakamwa, malume wake n'kumuponda phazi, iye n'kuika mpeni pansi. Amati mnzako akapsa ndevu m'zimire, koma tsiku limenelo aliyense anagwira zake. N'zokwiyitsa, ndipo ndimakwiya nazo mpaka lero, kungoti aliyense wa iwo anali ndi ana kunyumba.

A Kamphinda anafunsanso kuti wapanga ndani. Nyamsowoya asanayankhe, a Yotamu anadzuka pa benchi.

"Chikombole ndakhoma ndine, bwana. Kulembako ndalembanso ndine."

Bodza loti ngakhale khanda likanalizindikira. Munthu wosapondako pasukulu, wodinda chala pa pepala lililonse! Nyamsowoya anati, "Bambo a Yunike, mukunena chiyani?" Iwo anamukalipira m'Chitumbuka kuti akhale pansi, atseke pakamwa, nkhani za amuna asalowerere. Pa zaka makumi atatu za banja lawo anali asanamukalipirepo pagulu. Ndi manyazi ndi mantha, anakhaladi pansi.

Zotsalazo zinachitika mofulumira. Tambala anakwera kutsogolo kwa Landirova, pamiyendo pa munthu, atamugwirira ndi manja awiri kuti asagwedezeke. A Yotamu anawakweza kumbuyo, pansi, pamodzi ndi tayala. Fumbi lisanathe anthu anali atayamba kuzemba, wina ati mbuzi zake, wina ati mutu. Mpunga unatsala m'miphika. A Hudson anatuma mkazi wawo kudzatenga wailesi ija.

Lamulungu Nyamsowoya anayenda khomo ndi khomo, kufuna munthu mmodzi yekha woti apite naye ku Boma kukanena tanthauzo la mawu amodzi. Abusa anapemphera naye nthawi yaitali, kenako n'kumukumbutsa kuti mpingo uli ndi anthu ambiri oti uwaganizire. A Hudson anamulandirira kuseri kwa nkhokwe, misozi ili lengelenge, n'kumunong'oneza m'Chitumbuka chabwinobwino, chomwe anaiwala dzulo chija, kuti apirire, mwina zizizira zokha. Bessie analira kuposa mwini wake, kenako n'kupempha kuti pofotokoza asatchule kuti nzeru ya tambala inachokera kwa iye. Ralph anali m'nyumba ya aphunzitsi, kulemba kalata n'kung'amba, kulemba n'kung'amba. Malume wake anali atamuuza kuti mphunzitsi wochitira umboni nkhani yotere choko sadzachigwiranso, ndipo akamutsekera naye, mkaziyo adzamusamala ndani? Yunike sanapite kwa mwamuna wake. Anakhala pamphasa diresi lili pamiyendo, osadya.

Mboni inatsala imodzi, msoti. Lolemba m'mamawa Nyamsowoya anauika m'beseni, n'kuufunditsa nsalu yoyera, nkhata pamutu, n'kukadikira lole yopita ku Boma. Anamuuza Yunike kuti asiye kulira, madzulo abwera nawo adada ake. Sankanama, ankakhulupiriradi. Munthu wa maso awiri akaona mbalame ziwirizi pamodzi, nkhani yatha, atsalanso n'chiyani chofunsa? Msewu unali wa mabampu, ndiye njira yonse beseni analinyamula m'manja, osalola kuti ligunde pansi, mpaka mikono kuchita dzanzi.

Ofesi ya a Kamphinda inali kuseri kwa nyumba zina za ku Boma, kanyumba kopanda chikwangwani. Pakhonde panali amayi ena atatu okhala ndi timitolo, osayankhulana. Mesenjala wa pamenepo, bambo wachikulire wa ku Sangilo, anadutsa ndi tsache n'kumufunsa chapansipansi, m'Chitumbuka, chimene wanyamula. Atamuuza, bamboyo anasesa kanthawi, kenako anati akanakhala iye akanabwerera nacho kunyumba, poti m'nyumba iyi chilichonse cholowa chimasanduka umboni. Nyamsowoya anati umboni ndi umene wabweretsa kumene. Mesenjala anapitiriza kusesa.

Anadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akusuntha beseni kutsata mthunzi kuti shuga asasungunuke. Atamulowetsa, chinthu choyamba kuona chinali tambala wake. Anali pamwamba pa kabati, thireyi itakhazikidwa pa zitini za madzi kuopa nyerere. Anthu a mu ofesimo anali atasowa naye chochita. Kumudya kunkafuna mpeni, kumutaya kudzala ndani akanayerekeza? Ndiye ankangomusamala ngati mlendo wolemekezeka.

Nyamsowoya anagwada n'kupempha kuti amutsitse tambalayo kamphindi. A Kamphinda analola, mwina chifukwa cha chidwi chabe. Iye anavundukula msoti n'kuuika patebulo pambali pa tambala, milomo kuyang'anizana. Mawu aja anakwanira, zilembo zonse bwinobwino, osasungunuka ngakhale chimodzi, ndipo mtima wake unapepuka koyamba chichokere Loweruka. Anapempha kuti bwana awerenge okha, aone kuti ndi mawu amodzi, a kutchalitchi.

A Kamphinda anawerenga ndi chala. Pakati pa mbalame ziwirizo chalacho chinaima, poti panali mpata. Temwa. Nani. Anabwereza kawiri. Kenako anaitana mnzawo wa m'chipinda china, amene anagwirako ntchito kumalire, n'kumufunsa kuti nani n'chiyani. Uja sanachedwe, anati n'Chiswahili chimenecho bwana, kutanthauza kuti ndani.

"Atemwe ndani," anatero a Kamphinda mofatsa, akukoka pepala. "Tambala wakuda ali apa, funso lili apa. Ndiponso m'chinenero cha ku Tanzania. Mayi, mwatithandiza kwambiri. Ife tinali ndi theka chabe."

Ku Karonga Chiswahili chimabwera ndi amalonda a nsalu, aliyense ali nako kachidutswa, ndipo Nyamsowoya mawu amenewa ankawadziwa. Kungoti pa keke yake anali asanawaonepo. Koma zaka zimenezo anthu othawa boma ankakhala ku Tanzania, kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, ndipo dzina la dziko limenelo likalowa mu nkhani ya munthu, munthuyo sankasungidwanso pafupi. Chingwe chomangira amuna ake anali atachinyamula yekha m'manja mtunda wonse uja, n'kumachiteteza ku dzuwa.

Pamenepo mantha anamuthera. Anati aleke kuvutitsa munthu wosalakwa, analemba ndi iye, mbalame zonse ziwiri, ndi dzanja ili. Amuna ake sadziwa ngakhale chilembo chimodzi, Mlare yense akudziwa. Ngati sakukhulupirira awapatse pensulo ayese.

A Kamphinda anamuyang'ana kumaso koyamba. Anati chabwino, nkhaniyo ndi yosavuta. Bamboyo akalephera kulemba atuluka lero lomwe, ndipo mayi atsala m'malo mwawo. Akumvetsa? Nyamsowoya anati akumvetsa, n'kuomba m'manja mothokoza, yewo, yewo chomene, ngati munthu wolandira mphatso. Anali wokonzeka ndi mtima wonse. Yunike wakula, ndipo cholakwacho n'chake. Iye atsale, bamboyo apite kwawo.

Anthu a mu ofesimo anafunditsa makeke aja ndi nsalu ya mayiyo yomwe, n'kukawatenga a Yotamu. Analibe nsapato, analibe lamba, thalauza ankaigwira ndi dzanja, ndipo mlomo wam'munsi unali utatupa. Masiku awiri okha, koma anali atakalamba. Ataona mkazi wawo anaima pakhomo kamphindi, kenako n'kuyang'ana kumbali. A Kamphinda anawauza zimene zagwirizanidwa, zonse osabisa, n'kuwaikira pepala ndi pensulo.

Pensulo anaigwira m'nkhonya, ngati msomali. Anatseka maso nthawi yaitali, ndipo Nyamsowoya anapuma, poganiza kuti zatheka. Kenako dzanja linayamba kuyenda. Mzere woima, wina wopingasa pamwamba pake. Sankalemba ayi, ankajambula, chilembo chilichonse kuchiyambira pansi n'kukwera nacho, monga anachionera Lachisanu atagwira thireyi. Chachiwiri anachipatsa mano ake atatu. Pa chachitatu thukuta linagwera pa pepala.

"Bambo a Yunike, lekani," anatero Nyamsowoya m'Chitumbuka. "Simudziwa kulemba inu. Lekani, ndakupemphani."

Sanatukule mutu. Anamaliza zisanu, n'kupitiriza zinayi zija, zokhotakhota koma zowerengeka, zonse pamzere umodzi popanda mpata pakati. Nyamsowoya anadzambatuka kuti awakwatule pensuloyo, koma bambo wa kumalire uja anamugwira paphewa n'kumukhazika pansi. Anangoyang'ana, manja ali pamiyendo, amuna ake akulemba mawu oyamba pa moyo wawo.

A Kamphinda anatenga pepalalo, n'kuvundukula makeke, n'kufananiza, n'kulilowetsa mu fayilo. Kaya anakhulupirira kaya ayi, zinalibe ntchito. Anali ndi munthu wovomera yekha ndi umboni wa dzanja lake. Anamuuza mayiyo kuti kunamiza boma ndi mlandu, koma amukhululukira poona imvi. Bambowa apita kumwera ndi galimoto ya Lachitatu, kumeneko n'kumene akafotokoze bwino za anzawo a ku Tanzania. Kumwera kuti sananene, ndipo sichinali chinthu chofunsa.

Powatulutsa, a Yotamu anaima pafupi naye. Anayankhula m'Chichewa, kuti pasakhale wonena kuti apangana.

"Nyamsowoya, mukamuuze Yunike apite kunyumba kwa mwamuna wake, ukwati unadalitsidwa kale. Ndowa za anthu zili pansi pa benchi. Mukabweze kwa eni ake, ngakhale zosatha."

Basi. Chitseko chinatsekeka Nyamsowoya asanawayankhe. Anapempha beseni lake, koma anamuuza kuti zonse ndi za mlandu tsopano. Anatuluka ndi nkhata yokha m'manja. Amayi atatu a pakhonde aja anamuyang'ana kamodzi n'kuwerama, mesenjala n'kulowa mkati ndi tsache lake.

Pa lole yobwerera anakhala pa matumba, akufunafuna mawu oti akamuuze mwana, m'Chitumbuka, m'Chichewa, osapezeka. Akanakhala pakhomo ndi msoti wake, mwina akanangowasunga sabata n'kuwamasula. Akanamvera mesenjala. Akanapanda kutchula pensulo. Akanapanda kukhala pansi Loweruka lija. Chilichonse chimene anachita kuti awapulumutse chinawakankhira kutali, ndipo panalibenso china choti achite. Analira poyera, osabisa nkhope, anzake a pa lole n'kumayang'ana kuminda.

Pa Mlare, Yunike anali chiimire m'mbali mwa msewu, atagwira chipewa cha bambo ake, Ralph ali kumbuyo kwake chapatali pang'ono. Nyamsowoya anatsika. Mwanayo sanayang'ane mayi ake, maso anali pa lole, kudikira wachiwiri. Anatsika bambo wina ndi njinga, kenako mayi wa mwana kumbuyo. Dalaivala analiza hutala, lole n'kunyamuka.

"Amama," anatero Yunike akuyang'anabe kumsewu, "madzi osamba a adada ndafunditsa kale."